Amayi pa Mpando Wakumanzere

Usiku wathawu ndinalota zinthu zoti munthu wina akanadzukira nazo kwa abusa, koma ine ndati ndiyambe ndi inu awiri. Upile, ika foniyo pansi. Iwe Ndaziona, nawenso ulimo m'malotomu, ndiye usayambe kuseka msanga.

Mukudziwa kuti chaka chonsechi ndakhala ndikuthamangitsa chiphaso chachikulu, chija chimalola munthu kukhala kaputeni wa ndege yonyamula anthu. Mpaka pano ine ndimakhala mpando wakumanja, wa wothandizira, mizere itatu paphewa. Kaputeni amakhala kumanzere, ndipo mawu omaliza ndi ake. Mukudziwanso zimene amandinena a Kaputeni Nkhonjera amene ndimauluka nawo aja. Akuti manja anga ndi abwino koma pakamwa panga pamagwada. Akalakwitsa dala kuti andiyese, ine m'malo mowauza kuti alakwitsa ndimayamba ndi "pepani, kapena ndine amene sindikuona bwino." Iwo amati munthu wotero sangamusainire mpando wakumanzere, chifukwa phiri silidikira kuti moni athe.

Ndiye m'malotomo ndinapezeka ndili mu ofesi ya ziphaso, koma ofesiyo inali m'chigayo. Aliyense anali mbuu ndi ufa, ndipo palibe amene ankadabwa nazo. Ndinali nditasenza thumba lalikulu, ndipo ndinkangodziwa, monga umadziwira zinthu m'maloto, kuti m'thumbamo muli maola anga onse amene ndakhala m'mwamba. Nditati ndikhale pa benchi, benchiyo inatsokomola.

"Sunthirani uko, achemwali. Pamenepo pali munthu, anangopita kokajambulitsa chithunzi chaka chatha."

Ndinasuntha, ndipo ndinaipepesanso benchiyo.

Ndiye anandiitana pa zenera loyamba. Panali bambo wa tayi yofiirira, wooneka kuti sanamwe tiyi. Akundiyang'ana choncho tsitsi lawo linayamba kuimirira, n'kutalika, n'kuuma, mpaka mwadzidzidzi panakhala nungu yovala tayi. Anazula munga umodzi kumsana, n'kuunyambita kunsonga, n'kukonzeka kulemba.

"Zaka?"

"Makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, bwana."

"Lamulo likufuna makumi awiri ndi chimodzi kupita m'tsogolo. Mwabwera nazo?"

"Zili m'thupi momwemu."

"Ambiri amatero," anatero a Nungu, n'kundibaya pang'ono pamkono. Nditakuwa anagwedeza mutu. "Kukuwa kwa munthu wamkulu. Mayeso olemba munakhoza, tinamva kulira kwanu kuchokera kuno. Pitani kwa dokotala."

Chitseko cha dokotala chinatsegukira m'dambo. Madzi ankafika m'mawondo, ndipo pakati pa dambolo panaima adokotala ovala zoyera, mwendo umodzi ali m'mwamba. Khosi lawo linkangotalika ndikuyandikira, ndipo pofika pafupi ndinapeza kuti ndi kakowa. Anandiuza kuti ndiwerenge zilembo za mzere wapansi pa chikwangwani chimene chinakhomedwa pa bango. Ndinayang'anitsitsa n'kuona kuti zilembozo ndi nyerere, ndipo zikusamuka ndi mazira awo.

"Sindingawerenge, dokotala. Zikuyenda."

"Maso abwino kwambiri," anatero a Kakowa. "Amene anabwera dzulo anawerenga zonse."

Ndiye anandiika pachifuwa kachipangizo komvera mtima kaja. Kenako kanayankhula kokha ndi timawu tating'ono.

"Mtima uwu ndi wamphamvu, ungathe kukoka ngolo. Koma ukugunda mwaulemu. Ukumadikira kuti wina ayambe kugunda."

"Imeneyo si nthenda ya kuno," anatero a Kakowa, n'kudinda pepala ndi phazi. "Akaiona kutsogoloko."

Mwadzidzidzi dambo lija linauma, ndipo ndinali m'chipinda chamdima momwe munali sikelo yaikulu ngati ya ogula chimanga. Mwini chipindacho, woyesa wamkulu, sindinamuone mpaka atandipatsa moni kuchokera kudenga. Anali atavala suti yabwino, miyendo itakola mtanda, mutu ukulendewera pansi. Jekete lawo litatambasuka ndinazindikira kuti ndi mleme.

"Khuthulani," anatero a Mleme.

Ndinakhuthula thumba lija pa sikelo. Maola a masana anali oyera ngati mphale. A m'mitambo, aja umauluka osaona kunja ukungodalira mawotchi a kutsogolo, anali onyowa. A usiku anali akuda ngati makala, ndipo anaunjikana pakona okha, kamulu kochititsa manyazi.

"Onse pamodzi 1,500 akwana, ndipo atsalako ena a basera," inatero sikelo mobuula. "Koma akudawa sakufika zana. Ndayesa kuwakomera mtima, akana."

"Mwamva nokha," anatero a Mleme. "A usiku akuperewera."

Ine ndinati zikomo, ndikaulukanso, ndidzabwera. Ndinali nditayamba kale kuwola maola anga. Ndiye mwadzidzidzi khoma lonse linatseguka ngati katani, ndipo kuseri kwake kunali holo yaukwati, mipando yovekedwa nsalu zoyera, zimkuzamawu zikugunda. Pakhomo panaima mayi anga, Anangondo, atavala chitenje chawo cha tsiku lalikulu ndi juzi ija amavala ngakhale mu Okutobala.

"Mwandida," anandiitana. "Ndamva kuti akukubweza. Mwana wanga angabwerere chimanjamanja abale ake alipo? Khala apo. Gwira lichero."

Anandikhazika kutsogolo ngati mkwatibwi wopanda mkwati, lichero pamiyendo. Woyendetsa mwambo anali sokosi yaikulu ija imalendewera pamtengo pa bwalo la ndege kuonetsa kumene mphepo ikulowera. Mphepo ikalowa inkafufuma n'kukuwa, ikachoka inkafota pakati pa mawu.

"Perekani-perekani wa maola a usiku wayambika! Tiyambe ndi akuchimuna! Akuchimuna kulibe? Chabwino, akuchikazi, bwalo ndi lanu lonse!"

Oyamba anali amalume a Dzimbiri, aja anayendetsa thiraki kupita ku Beira zaka zonse zija. Anatulutsa m'thumba usiku wathunthu, waukulu ngati bulangete, n'kupita nawo pa tebulo la makashiya.

"Ndisinthireni m'timphindi ting'onoting'ono," anatero. "Ndikaponya wonse kamodzi ndivina chiyani?"

Anawapatsa timphindi todzaza chipewa, ndipo anavina nyimbo zitatu akundiponyera kamodzikamodzi pamutu. Kenako anabwera amayi a mvano pamzere, atanyamula maola ogona pamaliro, akununkha utsi ndi tiyi wopanda mkaka. Kunabwera aneba, kunabwera aphunzitsi anga a sitandade faifi, kunabwera ngakhale mayi uja tinayambana naye chifukwa cha chingwe choyanikira zovala. Ndaziona, iwe unabwera ndi maola owerenga ku koleji, koma makashiya atawakutumula theka linali tulo. Upile, iwe unabwera ndi chikwama chodzaza, ukunjanja, n'kukhuthula maola onse amene unkacheza pa foni ndi mnyamata wa ku Mzuzu uja. Usatukwane, sindine ndinalemba malotowa.

Lichero linadzaza mpaka kutayikira. Ine ndinkadziwa bwinobwino kuti lamulo sililola zimenezi, koma ukaona anthu akuvina ndi tulo tawo m'manja chifukwa cha iwe, umayambira pati?

Ndiye a Mleme anatsika pang'ono kuchokera kudenga n'kuyamba kulawa. Anatenga ola la amalume, n'kulitafuna. "Lolemera. Lili ndi dizilo. Koma ndi la pansi." Anatenga la amayi a mvano. "Lopatulika. La pansi." Anatenga lako, Upile, n'kulavula, n'kupempha madzi.

"Abale, maola anuwa ndi abwino," anatero, "koma palibe ngakhale limodzi limene linachokapo pansi."

Nyimbo inazima. Sokosi ija inafota. Ndiye mayi anga, amene nthawi yonseyi anali asanavine, anadzuka n'kusenza beseni lophimbidwa ndi nsalu, n'kulitula pamaso pa a Mleme.

"Ngati ndi a kuchipatala, mayi, musavutike," anatero a Mleme. "Tikudziwa kuti munali namwino. Amenewonso ndi a pansi."

"A kuchipatala ndinawasiya komweko, ndi a boma. Vundukulani."

Atavundukula, maola aja anatuluka m'beseni n'kukwera okha m'mwamba ngati ngumbi, mpaka denga lonse linada. A Mleme anagwira limodzi, n'kulilawa.

"Awa mwawatenga kuti?"

"Mwanayu akanyamuka, inu mumaganiza kuti ine ndimatsala pansi?" anatero amayi. "Ndimatera iye akalemba pa foni kuti watera. Nthawi zina amaiwala kulemba, ndiye ndimangozungulira m'mwambamo mpaka kucha."

Holo yonse inandiyang'ana. Ine ndinayang'ana lichero.

"Maolawa ndi enieni," anatero a Mleme. "Apitirira ndi muyeso womwe. Koma lamulo ndi lamulo: ola ndi la amene analiuluka, siliperekedwa kwa wina. Choncho chiphasochi ndi cha Anangondo."

Mwadzidzidzi a Nungu anatulukira pansi pa tebulo akulemba kale. Mizere inayi yagolide inakwawa pansi ngati mphalabungu, n'kukwera juzi ya amayi, n'kukhazikika paphewa. Nthungululu zinalira. Amalume ankauza aliyense kuti ndi mlongo wawo weniweni, bere limodzi. Nanenso ndinawomba m'manja. Nanga ndikanatani?

Ndiye holo ija inamera mapiko. Mipando ya nsalu zoyera inafola mizere iwiriiwiri, anthu onse ali momwemo, ndipo ine ndi amayi tinali kutsogolo, m'chipinda choyendetsera. Ine kumanja monga mwa masiku onse. Mpando wakumanzere unawalandira amayi ndi ulemu wonse.

"Takulandirani, akaputeni," unatero. Kenako unandinong'oneza ine: "Musandiyang'ane choncho. Ine ndimanyamula amene wasainiridwa."

Amayi anavula nsapato, n'kupemphera, n'kuyang'ana mawotchi onse aja ali mbee kutsogolo kwawo. Anapukusa mutu. Anatsegula chikwama n'kutulutsa tinsalu toluka tija amaphimbira wailesi ndi TV kunyumba, n'kuyamba kuphimba wotchi iliyonse, imodziimodzi, akusalaza m'mphepete.

"Zinthu zodula chonchi kumangozisiya pafumbi," anatero. "Amuna amene amakhala muno alibe chisoni."

Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi chakuti, "Zakongola, amayi."

A Mleme anali atalendewera kumbuyo kwathu, mapiko atapinda.

Tinanyamuka, ndipo ndisaname, amayi ananyamuka bwino. Tinkapita kwawo ku Mulanje, kumene akuti anthu anali atayala kale mphasa kutidikira. Kumbuyo amayi a mvano anayambitsa nyimbo. Tinadutsa Limbe, tinadutsa minda ya tiyi, ndiye mwadzidzidzi chiperoni chinatsika. Kunja kunayera ngati talowa m'thumba la thonje. Kumwamba ndi pansi zinafanana. Ndipo ndinamva m'mimba kuti amayi ayamba kutsitsa ndege.

Pansi pa kansalu kamodzi panamveka mawu otsamwa. Inali wotchi yoonetsa kutalika kwa pamene tili.

"Odi kuno. Odi. Tikutsika, ndipo kutsogoloku kuli phiri."

"Phiri limenelo ndikulidziwa," anayankha amayi. "Ndinabadwira m'munsi mwake. Nkhuni ndinkatola momwemo. Lingandichite chiyani ine?"

"Amayi, pepani, kapena ndine amene sindikumva bwino, koma ngati kuti wotchiyo imanena kuti mwina..."

"Anthu akudikira, Mwandida. Ndiwo zizizira."

"Eya, amayi. Zoona. Kungoti ndimaganiza kuti mukanakhala kuti mwaona kuti n'koyenera, tikanathanso kuyamba takwerako pang'ono, koma zili kwa inu."

"Ukung'ung'udza chiyani? Pakati pa iwe ndi ine anayamba kuona dzuwa ndani?"

"Ndinu, amayi."

"Odi!" inakuwa wotchi ija. "Abale, phiri!"

Ndiye ndinamva mawondo anga akupinda okha. Ankafuna kutsika pampando kuti ndigwade kaye, ndiyankhule bwinobwino monga anandilerera. Koma lamba wa pampando anandikoka n'kundikanikiza.

"Muno sagwada, chemwali," anatero lamba. "Malo ake palibe."

Kutsogolo, m'kati mwa kuyera kuja, munayamba kuoneka chinthu chakuda, chachikulu, chopanda mapeto. Ndinamva fungo la mikungudza. Kumbuyo nyimbo inali pa vesi lachiwiri, amalume akuimba besi molakwika. Onse aja anali atavina chifukwa cha ine, ndipo anakhala m'mipando yawo mosatekeseka, poti kutsogolo kuli anthu awo.

Ndinagwira chiwongolero.

"Amayi, siyani. Ndege ndatenga ine."

Nyimbo inaduka. Ngakhale mainjini anachita ngati agwira pakamwa. Chibadwire sindinawauzepo mayi anga kuti siyani, ngakhale pa nkhani ya mchere. Anatembenuka n'kundiyang'ana ndi diso lija mumalidziwa, lija limaumitsa munthu ali kutsidya la msewu. Ine sindinayang'ane pansi, poti pansi ndi pamene panali vuto.

Ndiye anachotsa manja, n'kuwaika pamiyendo.

"Watenga," anatero.

Ndinakankha mphamvu yonse, n'kukokera mphuno ya ndege m'mwamba, dzanja linalo likusesa tinsalu tonse tija. Mawotchi anapuma ngati anthu otuluka m'madzi, onse akuyankhula nthawi imodzi. Ndege inabuula, inanjenjemera, inakwera. Nsonga ya mtengo inatikanda kumimba. Thanthwe linadutsa pansi pathu pafupi kwambiri moti ndinaona buluzi akutseka maso.

"Mwadutsa osapereka moni," linadandaula phiri kumbuyo kwathu.

"Tidzapereka kukayera," ndinaliyankha.

Mwadzidzidzi tinatulukira pamwamba pa mitambo. Kunali nyenyezi zokhazokha, ndi mwezi utakhala phee ngati mbale yotsukidwa. Ndinatenga cholankhulira n'kuuza anthu kumbuyo kuti ku Mulanje sititera, tikubwerera ku Chileka, tidzapita nyengo ikalola. Ndinanena kamodzi, ndipo sindinayambe ndi pepani. Amalume anatulukira pakhomo n'kunena kuti iwo pa thiraki chifunga choposa ichi ankangoboola, ndipo kubwerera pakhomo pa eni ake ndi mwano.

"Amalume, kakhaleni pansi, mumange lamba."

Anayang'ana mlongo wawo kuti awathandize.

"Mwamva, achimwene," anatero amayi. Amalume anapita.

Amayi ankatola tinsalu tawo pansi, n'kumatipinda pabondo.

"Mikono yanga inachita dzanzi tili pa Limbe," anatero osandiyang'ana. "Ndimati kodi mwana ameneyu andilanda liti chinthuchi?"

"Nanga bwanji simunangondipatsa?"

"Ndikanakupatsa ukanalandira ndi manja awiri, mutu uli pansi. Kutsogolo akanayang'ana ndani?"

"Amayi, pepani kuti ndina..."

"Usandipepese, yang'ana njira." Anapinda kansalu komaliza. "Koma ukadzayesa kundiyankhula choncho kunyumba, udzaona kuti ine chiphaso changa sichitha ntchito."

Kumbuyo kwathu a Mleme anakonza kukhosi. Ndinali nditawaiwala.

"Mayeso amene ndinabwerera ndi omwewa, ndipo mwakhoza," anatero. "Ulendo uno ndiuwerengera, ndi wa usiku ndipo mwauluka nokha. Otsalawo akuperewerabe. Mukawauluke, musakapemphe kwa anthu."

Ndinati zikomo, ndipo aka kanali koyamba m'maloto onsewa kunena zikomo ndisakuopa kanthu. Otsalawo si ambiri. Ndi a miyezi yochepa chabe, ndipo ndi anga.

Ndiye mitambo inang'ambika, magetsi a Blantyre anaoneka, ndi mizere iwiri ya nyali za pabwalo itatambasuka kutsogolo. Ndinatsitsa matayala. Kumbuyo nyimbo inayambiranso pamene inalekera. Ndinatembenuka kuti ndiwauze amayi kuti tatsala pang'ono kutera, ndipo ndinawapeza atatsamira zenera, juzi atakokera m'khosi, pakamwa pali pululu. Anali atagona, ndege ikadali m'mwamba.

Sindinawadzutse. Ndinatsika pang'onopang'ono, mofewa kuposa mmene ndinatererapo, kuti matayala asawagwedeze. Mkonono wawo unkamveka kuposa mainjini, kho, kho, khrrr, ukukulirakulira, mpaka ndinatsegula maso n'kupeza kuti ndi mpopi wathu wa panjawu ukutsokomola, madzi abwera, ndipo wina akukoka ndowa pasimenti.